Mmene ndimasokera limeriki m'Chichewa pakhonde langa ku Biwi

Ine ndine telala. Makina anga ndi opalasa ndi mapazi, ali pakhonde la sitolo ina ku Biwi, ndipo kope lomwe ndimalembamo miyeso ya makasitomala lili ndi nkhope ziwiri. Mukalitsegula kutsogolo mupeza ziuno, mapewa ndi ngongole za anthu. Mukaliyamba kumbuyo mupeza tindakatulo toseketsa ta mizere isanu. Eni ake amati limerick, ine ndimangoti limeriki. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti zimenezi zimapekedwa bwanji, ndipo nthawi zambiri amafunsa mapini ali mkamwa mwanga. Ndiye ndati ndifotokoze kamodzi, manja ali pamtendere.

Ndinazidziwira m'kabuku kothothoka chikuto komwe ndinagula kwa oyala mabuku akale pansi kufupi ndi msika wa Tsoka, tsiku lomwe ndinapita kukasaka mazipi. Munali tindakatulo ta Edward Lear, Mngelezi wobadwira ku London mu 1812, yemwe ntchito yake yeniyeni inali yojambula zithunzi, makamaka za mbalame. Si iye anayambitsa kalembedweka, koma ndiye anakatchukitsa ndi buku lake la mu 1846 lotchedwa A Book of Nonsense, kunena kwake buku la zopanda mutu. Mwini wakeyo sankatitcha limerick ayi. Dzinalo linayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1890, iye atamwalira kale mu 1888, ndipo ndi dzina la mzinda wa Limerick wa ku Ireland, womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Shannon. Tsiku lake lobadwa, 12 Meyi, okonda ndakatulozi amalisunga ngati tsiku la limeriki. Mbiri ithere pomwepo, tiyale nsalu.

Patani yake ndi imodzi basi, ndipo sisintha. Mizere ndi isanu. Woyamba, wachiwiri ndi wachisanu ndi yaitali, ndipo mathero ake amamveka mofanana. Wachitatu ndi wachinayi ndi yaifupi, nayo ili ndi mathero akeake ofanana. Mzere woyamba umatiuza munthu ndi kwawo, monga momwe nthano imayambira ndi "Padangokhala", kungoti pano palibe nthawi yoyankhira "Tili tonse". Wachiwiri umaulula khalidwe lake. Iwiri yaifupiyo imamuthamangitsira ku tsoka, ndipo wachisanu umatchera ndale womvera. Nayi yanga yomwe ndimaphunzitsira anthu:

Padali mkulu ku Kawale
Wokonda kukamba za ndale;
Pokamba, pokamba,
Galu n'kuyamba
Kumutsukira mkuluyo mbale.

Musaiwerenge ndi maso okha. Inenereni mokweza, phazi likuponda pansi. Ine ndimaponda chopalasira makina. Mizere yaitali phazi limatsika katatu, yaifupi kawiri. M'Chichewa liwu limakoka pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo ndi pomwe phazi limatera: pa-DA-li m-KU-lu ku ka-WA-le. Katatu. po-KA-mba po-KA-mba. Kawiri. Simuwerenga maphatikizo onse ngati mukuwerenga chenji, mumangomvera potera phazi. Poyamba mzere woyambawo ndinaulemba kuti "Padali mkulu wina wa ku Kawale". Ndi Chichewa chabwinobwino, koma phazi linatsika kanayi, mzere n'kukwakwa pansi ngati thalauza la mwini. Ndinadula "wina wa", unakhala.

Vuto lathu pa mapondedwe ndi aneni. Mneni wa Chichewa amanyamula katundu yense pamutu: wochita, nthawi, wochitiridwa ndi malo omwe. "Anakamutengerako" ndi mawu amodzi a maphatikizo asanu ndi atatu, koma phazi limatera kamodzi kokha. Mukaika awiri otere mumzere umodzi, lilime limapunthwa womvera asanafike poseka. Pamenepa kamawu ka "n'ku" kamandithandiza kwambiri. M'malo moti "galu anayamba" mumati "galu n'kuyamba", m'malo moti "kenaka anagwera" mumati "n'kugwera". Ndi momwe timakambira nkhani ikafika pokoma, ndiye khutu silidandaula.

Tsopano pa mathero ofanana, pomwe Chichewa chimatinamiza tonse. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni pafupifupi onse amathera ndi a. Ndiye munthu amalemba mizere yothera ndi "anapita", "anagula", "anabwera", n'kumadziguguda kuti zagwirizana. Sizinagwirizane. Khutu la Mchewa limamva a ameneyo m'chiganizo chilichonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti silimutenganso ngati nkhani. Kufanana kuyenera kuyambira pomwe phazi latera, osati pa lembo lomaliza lokha. Kawale, ndale, mbale: onse ali ndi "-ale". Pokamba, kuyamba: "-amba". Ngati phatikizo lokoka lija likusiyana, fumulani, musokenso.

Pali msampha wachiwiri, ndipo umagwira amene azindikira woyamba uja. Popeza aneni athu amavala michira yofanana, munthu angathe kupeza mathero ofanana mosatuluka thukuta: anakumana, anakondana, anasiyana, anapitira, anagulira, anaphikira, anamenyedwa, anatengedwa. Zimamveka, inde, koma n'chimodzimodzi kudula madiresi asanu pa chitenje chimodzi n'kumati mwapeka masitayilo asanu. Womvera amadziwiratu zomwe zikubwera, ndipo chomwe munthu wachionera patali sichimuseketsa. Ine ndimadziletsa: mchira wa mneni ndimaulola kamodzi pa gulu la mathero, ndipo mnzake akhale dzina. Zokoma kwambiri ndi pomwe mawu a makolo akumana ndi mawu obwereka, chifukwa palibe amene amayembekezera kuti angakhale pa mphasa imodzi. Iyi ndinadzipekera ndekha, ngakhale ndinasamutsira mlandu ku Mchesi:

Telala wina ku Mchesi
Anagwidwa ndi nthenda ya ulesi;
Eni n'kukwatirana,
N'kubereka mwana,
Iye asanathe diresi.

"Ulesi" ndi wathu, "diresi" ndi lobwera. "Kukwatirana" ndi mneni, "mwana" ndi dzina. Ndikanati "n'kukwatirana, n'kusudzulana" ikanayendabe, ndipo ena amati ikanaluma koposa, koma khutu langa linakana michira iwiri yofananayo. Komanso mwana amawerengetsa miyezi, womvera amadziwerengera yekha kuti diresi lakhala pakhonde nthawi yaitali bwanji.

Wina anandifunsa kuti, kodi ndakatulo zathu zomwe timamva pa wailesi ndi zomwe tinaloweza kusukulu zinalakwa pati, popeza zambiri sizisamala za mathero? Sizinalakwe. Zimaima pa miyendo ina: kubwereza mawu, miyambi, zining'a, kayendedwe ka liwu la mlakatuli. Limeriki ndi suti yobwereka. Ngati mwasankha kuivala, valani ndi mabatani ake onse. Ngati ikukuthinani, vulani mulakatule mwa kwathu, palibe adzakuimbeni mlandu.

Musanalembe chilichonse, yesani kaye dzina la malo. Lilembeni pamwamba pa tsamba, pansi pake mundandalike mawu onse omwe akumveka nalo. Kawale ndi wolemera: kale, mbale, ndale, akhale, avale, aiwale. Mchesi ali ndi ulesi, diresi, adiresi, nesi. Kanengo ali ndi nyengo ndi mtengo. Likuni ali ndi nkhuni. Kauma ali ndi chuma, kuluma ndi kuuma. Mukapanda kupeza mawu awiri abwino, musakakamire. Musamutseni munthu wanuyo, sakulipira lendi. Ife a mu Lilongwe tilinso ndi mwayi wa madera a manambala. Area 18 ikakhala pa pepala imaoneka yosathandiza, koma pakamwa timati "eyitini", ndipo pomwepo pabwera mwini, injini, palafini ndi kantini. Lembani monga momwe kondakitala amaitanira, osati monga zilili pa chikwangwani.

Mukapeza mawuwo, yambirani kumapeto. Ili ndi langizo lomwe anthu amalikana mpaka atadzionera okha. Mzere wachisanu ndiwo mwini ndakatulo, inayi yapamwambayo ndi operekeza. Mukayamba ndi woyamba n'kumatsika, mumafika pansi mutatha mawu abwino, n'kutsekera ndi chilichonse chomwe chatsala. Lear nthawi zambiri ankangobweza mawu omaliza a mzere woyamba pa mzere wachisanu. Kwa ana a nthawi yake zinkakoma, koma ine ndimaona ngati munthu wakuperekezani ulendo wonse n'kukakusiyani pomwe anakutengani. Pa mawu atatu omwe mwasankha, oluma kwambiri muwasungire pansi.

Ya mkulu wa ku Kawale ija poyamba inkathera kuti "Kudya nyama yonse m'mbale". Mapondedwe anali bwino, mathero anali bwino, koma mayi a kunyumba nditawanenera anangoti "Ehe?" akupitiriza kuvundula nsima. Inangonena zomwe zinachitika. Patapita masiku awiri, ndikupinda siketi ya yunifolomu, ndi pomwe zinandifikira kuti galuyo asakhale wakuba koma wothandiza ntchito: akumutsukira mbale. Nyama sitchulidwanso, womvera amaipeza yekha kuti yapita, ndipo kuseka kumabwera pa kudzipezera kumeneko. Mzere womaliza ukamafotokoza zonse, chotsanipo chinthu chimodzi, chomwe womvera angathe kufikapo ndi phazi limodzi.

Chinthu china chomwe ndimafumula ndikachipeza, changa kapena cha mnzanga, ndi kutembenuza mawu pofuna kuti mathero agwirizane. "Anayembekeza yabwino nyengo." "Ananyadira ake mapapo." Ndani amayankhula choncho ku depoti? Alakatuli ena amakukonda kutembenuzaku ndipo m'ndakatulo zaulemu mwina kumadutsa, koma nthabwala imafuna Chichewa cha pamsewu. Womvera akangomva kuti mawu apotozedwa, amaona msoko, ndipo chovala chooneka msoko ndi cha wophunzira. Ngati chiganizo sichikulola kuthera pa mawu omwe mukufuna, muikeni munthu wanuyo kuti ayankhule. Onani apa:

Mlimi wa fodya ku Kanengo
Anati, "Ino ndiyo nyengo!"
Atamva malonda,
Pomwepo n'kuwonda,
N'kugwera pansi pa mtengo.

Iyi ili ndi chinsinsi chomwe ndi cha Chichewa chokha. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, amangosiyana kakwezedwe ka liwu. Pa pepala mlimiyo wagwa kawiri: pa mthunzi, ndi pa zomwe ankayembekezera ku msika wa fodya. Koma mukainena pakamwa muyenera kusankha mtengo umodzi, winawo n'kuthawa. Ndiye iyi ndimaitumiza yolemba, sindiinena. "Mbale" nayenso ndi wotere, wodyera ndi wobadwa naye. Mukapeza mawu a nkhope ziwiri chonchi, aikeni kumapeto kwenikweni, ndipo musawonjezere chilichonse pambuyo pake.

Zina ndi zosiyana ndi imeneyo, zimafa pa pepala n'kudzuka pakamwa. Ndi zomwe zili ndi mvekero. Apa ndi pomwe timawaposa eni ake, chifukwa ife tili ndi phwa, gwa, psiti, zii, balamanthu, ndipo kamvekero ka phatikizo limodzi kamadzaza phazi lathunthu.

Wakabaza wina ku Chinsapo
Ankadalira miyendo ndi mapapo;
Anakweza nkhumba,
Mayi ndi thumba,
Njinga kuti thyo! n'kutherapo.

Ponena, imani pang'ono pambuyo pa "thyo". Mvekero umodzi ndi wokwana. Ndinayesapo kuika itatu m'ndakatulo imodzi, inamveka ngati mapoto akugwa pa thandala. Muonenso kuti "-po" wa "n'kutherapo" ndi mchira wotchipa, mneni aliyense angauvale. Ndinaulola chifukwa mapapo anali atagwira kale ntchito yovuta.

Nkhani ya woti asekedwe ndinaiphunzira ndi ndalama zanga. Chaka china ndinapeka ya mayi amene pomuyeza amakoka mimba mkati kuti tepi iwerenge zochepa, chovala chikathina n'kumati telala waba nsalu. Dzina sindinatchule, koma ndinasiya dera lake lenileni ndi mtundu wa chitenje chomwe amakonda. Ndinainena pakhonde, anthu anaseka mpaka wina kutsamwa thobwa, osadziwa ine kuti mtsikana yemwe ankadikira zipi pa benchi anali mlamu wawo. Dzuwa lisanalowe mayi aja anafika. "Atelala, zitenje zanga zitatu zija mundipatse momwe zililimo." Ndinawapatsa. Mayunifolomu a kwaya yawo, omwe ndinali nditawawerengera kale pa fizi ya mwana, anakasokedwa kwina. Kuyambira pamenepo munthu weniweni ndimamusintha dera, ntchito, ngakhale kumusandutsa bambo ngati anali mayi. Chilema, matenda, mtundu wa munthu ndi maliro sindizikhudza. Ndipo woyamba kusekedwa m'kope langa ndi telala.

Yekhayo amene ndimamulasa mosabisa ndi msuweni wanga wa ku Likuni, mwana wa amalume, chifukwa chisuweni chimalola ndipo nayenso sandisiya. Iye ndi amene anayambitsa zomwe timati chiperegani cha mizere. Timakhala anthu asanu, nthawi zambiri Lamlungu masana pa bawo. Wina amaponya mzere woyamba, wotsatira wachiwiri, mpaka wachisanu. Amene walephera, kapena wabweretsa mchira wa mneni kachiwiri, amagula chiwaya. Ngati mukufuna kuphunzira msanga, njira ndi imeneyi, chifukwa mnzanu amakuponyerani mawu omwe inu simukanawasankha, ndipo mumakakamizika kufukula Chichewa chomwe munachisiya kwa agogo. Wopereka mzere woyamba akhale ndi chifundo: asathere pa mawu opanda mnzake. Wa mzere wachinayi ndi amene ali ndi udindo wobisika, ayenera kusiya chitseko chotsegula. "Galu n'kuyamba" amakankhira mnzake kutsogolo. Mzere wotseka ndi mpumiro umamusiya pa chipululu.

Mkati mwa sabata timapitiriza pa foni. Potumiza yolemba, mzere uliwonse ukhale pawokha, kuti diso lione iwiri yaifupi ija. Mukaithira yonse pamodzi ngati uthenga wa maliro, mapondedwe amasowa. Musatsogoze mawu oti "iyi ndiye yoseketsa", ndipo musafotokoze nthabwala pansi pake. Ikapanda kuseketsa, ibwezeni pa makina. Ya mvekero ijambuleni ndi mawu, koma musaseke nokha musanamalize. Tumizani imodzi, osati khumi. Limeriki ili ngati tsabola wa kambuzi. Pansi pa yanu ikani dzina lanu, ndipo ya mnzanu mukamaipititsa kwina musadule lake. Ya telala wa ku Mchesi inazungulira n'kudzandipeza patatha miyezi, itatumizidwa ndi kasitomala wanga yemwe, yopanda dzina, mawu amodzi atasinthidwa, ndi uthenga woti "Atelala, akunena inu apa". Sindinatsutse. Chomwe chinandipulumutsa pamtima ndi kope lija, momwe ndimalemba tsiku pambali pa iliyonse monga ndimachitira ndi oda ya kasitomala.

Zowerenga za Chingerezi sizisowa. Buku la Lear ndi lakale moti limapezeka laulere pa intaneti, pamodzi ndi zithunzi zomwe anajambula yekha. Ku laibulale ya National Library Service ku City Centre funsani mbali ya ndakatulo za ana, ndipo oyala mabuku pansi ku Old Town musawadutse. Palinso gulu la anthu lomwe kuyambira 2004 likulemba dikishonale ya Chingerezi yotchedwa OEDILF, momwe tanthauzo la mawu alionse limaperekedwa mwa limeriki, kuyambira pa lembo A kumatsika. Chenjezo limodzi: malimeriki ambiri omwe amayenda pakamwa pa eni ake ndi olaula, ndiye mukamasaka foni isakhale m'manja mwa mwana. Powerenga, musataye nthawi kuwamasulira. Ndinayesa, mathero onse anagwa, n'kutsala kankhani kozizira ka mkulu wina wa ndevu. Mverani mapondedwe, onani pomwe ndale yatcheredwa, kenaka tsekani buku mukayang'ane anthu a mu minibasi. Za Chichewa sizinachuluke, ndiye yomwe mukuisaka mwina ili mkamwa mwa wogulitsa bonya yemwe mumakangana naye tsiku lililonse. Kope likhale pafupi.

Dera langa lomwe ndi lomwe landikanika. Pa tsamba lomaliza la kope pali "Biwi" pamwamba, ndipo pansi pake pali mawu amodzi okha, Kiwi, polishi wa nsapato uja. Munthu ndili naye kale, mkulu wopukuta nsapato mpaka kuwala koma soli itatha. Mawu achitatu ndi omwe akusowa, ndipo dzinja ladutsa kawiri. Lamlungu lapitali msuweni wanga anayang'ana tsambalo n'kunena kuti, "Asuweni, ikanipo Malawi, ndani adziwe?" Ndinamuuza kuti anene mokweza, phazi likuponda. Anati "BI-wi, ma-LA-wi", n'kukhala chete, kenaka n'kudzuka kukagula chiwaya.